Ma DJ athu a kuno ku Tete, mukuthawiranji nyimbo zakwanu?

Julaye wapitayu tinali pa ukwati wa msuweni wanga ku Domwe, ndipo inu amene munakulira ku Angonia mukudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyi, kamphepo kaja kochokera kuphiri kolowa mpaka m'mafupa, moti munthu ukakhala pa ukwati umangofuna nyimbo yoti udzuke uvine thupi lifunde. Nde anabwera naye DJ wina wachinyamata, dzina sinditchula, mwana waulemu ndithu, ali ndi laputopu yake, masipika awiri akuluakulu ndi kajenereta kobwereka. Kuyambira 1 koloko masana mpaka dzuwa kupendeka, amapiano okhaokha, nyimbo zija za ku South Africa. Bezi ikuti gu gu gu mpaka mbale za pa tebulo kumanjenjemera, ana asukulu akuvina pafumbi osatopa, koma azimayi onse ali phee pamphasa atafunda zitenje, azibambo ali pa mabenchi manja m'matumba ngati tabwera kudzapepesa maliro. Azakhali anga, mayi oti akamva ng'oma sakhazikika, anadzuka okha kukamunong'oneza kuti mwanawe tatiikirako ya Lucius tivineko nafe, iye n'kuyankha akumwetulira kuti mama zimenezo ndi zamakedzana, panopa anthu sakumveranso. Anthu ake ati? Anthu anali pomwepo, bwalo lonse lodzadza, akudikira.

Chimene chinatipulumutsa ndi choti laputopu ija inangoti zii pakati pa nyimbo, kaya inatopa kaya chinali chani. Mnyamata uja ali mkati motuluka thukuta kukonza, dalaivala wa lole imene inanyamula akuchikazi anangosolola foni yake yamabatani, n'kulumikiza kachingwe ku sipika, basi Alick Macheso wayamba. Abale inu. Mphasa zonse zinatsala zokha. Agogo ena oyendera ndodo anaiponya ndodo ija pambali, ndipo perekaniperekani amene amayenda mwaulesi tsiku lonse anachita kuphulika, ndalama zikugwa m'lichero, ma metikali ndi ma kwacha osakanikirana monga mukudziwa kuno kumalire. Zitatha za Macheso inabwera ya malemu Lucius Banda, kenako Black Missionaries, ndipo laputopu itadzuka palibe amene anaifunanso.

Ndiyambe ndanena, ine si mdani wa amapiano ayi, musandiike m'gulu la madala aja amene amati chilichonse chatsopano ndi phokoso. Nyimbozi ndinaziona kwawo kwenikweni. Mchimwene wanga amakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo ndinapitako kawiri, mu 2019 ndi mu 2022, ulendo uja wa pa basi wodutsa pa Cuchamano kulowa Zimbabwe mpaka Beitbridge, matako kuchita dzanzi. Ulendo woyambawo ndi nthawi imene Kabza De Small ndi DJ Maphorisa anali atangotulutsa Scorpion Kings, ndipo kulikonse ungapite, mu takisi, mu saluni, pa malo ootcha nyama ku Soweto Lamulungu masana, imamveka ndi ng'oma yomweyo yokhuthala ija amaitchula log drum, imene sumaimva ndi makutu koma m'chifuwa. Kalabu yoyamba imene anandilowetsa ku Braamfontein ndinaima pakhomo ngati mwana wa kumudzi walowa m'sitolo ya magalasi, atsikana akudutsa ndi mabotolo okwera mtengo oyatsidwa timoto tothetheka pamwamba, utsi wa hubbly uli tolo, anthu akuimba malikhweru motsatira bezi, ndipo onse nkhope alozetsa kwa DJ mafoni ali m'mwamba ngati m'tchalitchi ayang'ana kuguwa. DJ aliyense amapatsidwa ola limodzi kapena kuposerako pang'ono, amabwera ndi kafulashi kake m'thumba basi, kulowetsa mu makina aja a Pioneer, akamaliza amazula n'kuthamangira kalabu ina usiku womwewo.

Koma chimene ndinaona kumeneko, chimene ma DJ athu sanachione chifukwa amangoonera timavidiyo ta pa TikTok ta masekondi makumi atatu, ndi ichi: anthu a ku Joni aja amavina zakwawo. Amapiano anabadwira m'makomboni mwawo, ku Pretoria ndi ku Johannesburg konko, ndipo mkati mwake muli kwaito ya zaka za m'ma 1990 imene makolo awo ankavina, muli house, muli jazi wa m'tchalitchi ndi wa m'mashabini. DJ wabwino akafika pakati pa usiku amaponyamo kachidutswa ka Brenda Fassie kapena ka kwaito yakalekale, holo yonse n'kukuwa ngati goli lalowa, mnyamata wa zaka 20 ndi bambo wa zaka 50 kuimbira limodzi mawu ake. Palibe amene amati zamakedzana. DJ wa kumeneko Black Coffee anakatenga mphoto ya Grammy mu 2022 atayamba kutchuka ndi kukonzanso nyimbo zakale za kwawo, yoyambirira ija inali ya Hugh Masekela. Nde iwe uli pa Ulongwe, watenga mndandanda wa nyimbo wa munthu wa ku Soweto momwe ulili, osachotsa osawonjezera, ukuliza pa ukwati wa ku Domwe n'kumadziona ngati uli patsogolo. Amene ukumutsanzirayo akanakhala kuti wabadwira ku Domwe bwenzi akuliza zomwe azakhali anga amapempha zija.

Tsiku lina Loweruka m'mawa mchimwene wanga ali kuntchito ndinangoyenda ndekha m'tauni, n'kupeza kasitolo ka malekodi, zimbale zakudazakuda zija agogo ankaliza pa gumbagumba. Ndimaganiza kuti zinatha kalekale. Mkati munali mabokosi amatabwa ndi makreti a mowa odzadza malekodi, fungo la mapepala akale, pakona pali makina olizira ndi mahedifoni oti umvere usanagule, ndipo anyamata atatu ali chiweramire akufufuza chimodzichimodzi ndi zala ngati amayi akusankha nyemba. Mmodzi ndinamuzindikira, anali DJ yemwe uja wa usiku wapitawo amene anthu amamukuwira, pano ali ndi kabudula ndi masilipasi, fumbi m'manja, akufunsa mwini sitolo za woimba wina wa zaka za m'ma 1980. Mwini sitoloyo, mdala wa imvi ndi magalasi olendewera pa chingwe, atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, nditati Mozambique anangoti dikira, n'kulowa kuseli, kutuluka ndi chimbale cha Orchestra Marrabenta Star de Moçambique, kuchipukuta ndi kansalu, kuika singano. Mawu a Wazimbo anadzadza kasitolo konse. Anayamba kundiuza za Fany Pfumo, kuti anajambulira nyimbo zake ku Joni komweko zaka za m'ma 1950, n'kundifunsa ngati kwathu ku Tete tidakaomba nyanga, zitoliro zija amavina a Chinyungwe mozungulira aliyense akuomba zake uku akuponda. Ine mwana wa Tete ndinachita manyazi, mdala wa dziko la eni amadziwa zakwathu kuposa ine. Chimbale chija sindinagule, mtengo wake unali wa thumba la feteleza, koma ndinakhalamo maola atatu.

Ndinatuluka ndikuganiza kuti sitolo ya malekodi si zimbale ayi, ndi mdala ujayo. Ndi munthu amene umalowa ukufuna chinthu chimodzi iye n'kukuuza kuti taima kaye, tamvera iyi. Masitolo akuluakulu a nyimbo ku South Africa anagwa, Musica imene inali pafupifupi m'molo iliyonse inatseka mu 2021, chifukwa inkangogulitsa pulasitiki ndipo pulasitikiyo foni inabwera kudzamulowa m'malo. Koma timasitolo ta madala odziwa nyimbo tidakalipo, ndipo malekodi abwereranso mwamphamvu moti ku America mu 2022 anagulitsidwa ambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987. Azungu akubwera ku Africa kuno kudzagula malekodi athu akale m'manyumba mwa anthu pa mtengo wa tomato, kukawatsuka, kuwatulutsanso ku London ndi ku Berlin, ma DJ akumeneko n'kumatchuka nawo. Ife eni ake tikuti zamakedzana.

Kuno kwathu sitinakhalepo ndi sitolo ya malekodi yoti n'kuitchula, tisanamizane. Mbiri yathu ya nyimbo ndi ya makaseti ndi wailesi, ndipo inadutsa mu nkhondo. Ambirife a ku Angonia, Tsangano ndi Macanga tinakulira m'misasa ya othawa kwawo ku Dedza ndi ku Ntcheu, kapena makolo athu ndi amene anakulira kumeneko, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anthu pobwerera ananyamula mapoto, makasu, ndi nyimbo za ku Malawi m'mutu. Nchifukwa chake mpaka lero Alleluya Band ya ku Balaka ikalira munthu wa ku Ulongwe amaimva ngati yakwawo, si kuti tikubwereka ayi. Amalume anga anali ndi wailesi ya kaseti ya mabatire asanu ndi limodzi, mabatire akafooka amawayanika padzuwa pa denga la nkhokwe, tepi ikatafunidwa amaikoka pang'onopang'ono n'kuikulunga ndi bolopeni, ikaduka amalumikiza ndi polishi wa zikhadabo wa akazi awo. Makaseti ankachokera kwa O.G. Issa ku Malawi, kudutsa m'manja mwa mavenda mpaka pa msika wa Lizulu ndi pa Calomue, ena ankabwera ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Harare, Leonard Dembo, Nicholas Zakaria, Oliver Mtukudzi, ena ochokera ku Beira ndi ku Maputo, kwinaku Radio Moçambique ikutipatsa marrabenta ndi Ghorwane. Venda wa makaseti pa msika anali ngati mdala wa ku Joni uja, amakuyang'ana nkhope n'kudziwa kuti iwe ndi wa sungura kapena wa kwaya.

Nde lero ntchito imeneyi ili ndi ndani? Ili ndi mnyamata uja wa pa msika wa Ulongwe amene amakhala m'kabaraka ka malata ndi kompyuta yakale, chotchajira mafoni makumi awiri chili pambali, sipika imodzi panja ikulira tsiku lonse, amene timapita kukabenetsa nyimbo mu memori. Timamuderera, timamuyesa wosowa chochita, koma ine ndikuti ameneyo ndiye sitolo yathu ya malekodi, ndipo ena mwa iwo amadziwa nyimbo kuposa ma DJ onse a m'makalabu a mu mzinda wa Tete. Pali wina amene ndimapitako ine, mafoda ake anawakonza motengera anthu osati motengera oimba: muli foda ya madalaivala, foda ya azimayi a mvano, foda ya anyamata a njinga zamoto, foda ya pa maliro, ina analemba kuti ya osudzulidwa. Mlimi akagulitsa mbatatesi yake amafika ndi kamemori kokulunga m'pepala n'kunena kuti aise undiikire zabwinozabwino, ndipo mnyamatayo amafunsa kaye kuti mukamvera muli kumunda kapena kunyumba ndi ana, kenako amasankha. Imeneyo ndiye ntchito ya DJ yeniyeni, kuwerenga munthu.

Ndikudziwa ena anena kuti iwe ukutamanda mbava, anyamata obenawa ndi amene anapha msika wa oimba. Sindikana. Woimba amalipira situdiyo, amalipira oimba magitala, nyimbo ituluka lero mawa ili m'mamemori chigawo chonse iye osaona olo metikali imodzi, ndipo oimba ambiri amene tinkawavina anamwalira ali osauka pamene nyimbo zawo zikulira m'baraka iliyonse. Zimenezo n'zopweteka ndipo sindingazipake mafuta. Koma tiyeni tinene zoona zonse. Mlimi wa ku Tsangano amene netiweki amaipeza atakwera pachulu, mumuuza kuti alipire Spotify mwezi ndi mwezi ndi khadi ya ku banki iti? Ndipo DJ wa mu kalabu amene akutsitsa nyimbo m'magulu a WhatsApp ndi pa YouTube iyeyo walipira ndani? Onse akudya m'mbale imodzi, kusiyana kwake n'koti wa pa msika uja amasunga nyimbo za oimba ang'onoang'ono a konkuno amene pa intaneti simungawapeze, anyamata ojambulira m'kachipinda ku Moatize kapena ku Furancungo, makwaya a m'midzi, ndipo woimba wotereyu amachita kupita yekha kukamupatsa nyimbo kuti aziikira anthu, chifukwa akudziwa kuti ikalowa m'mamemori ndi pamene aitanidwe kukaimba pa ukwati n'kupeza kangachepe. M-Pesa ndi e-Mola zilipo, njira yoti kandalama kazifika kwa woimba ingapezeke anthu atafuna, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwere mu mzinda wa Tete usiku. Ndinakhalako zaka zinayi nthawi ija malasha a ku Moatize anali pa chimake, kampani ya migodi ya Vale itangoyamba kutumiza malasha mu 2011, ndalama zikuyenda, nyumba za lendi zikukwera mtengo mwezi uliwonse, anthu a ku Brazil, a ku South Africa, a ku Zimbabwe, a ku Maputo onse ali mbwee. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, masana munthu sumaganiza bwino, moyo umayamba dzuwa likalowa, anthu n'kutuluka kukakhala m'mabaraka ndi mowa wozizira wa 2M kapena Manica, ena m'mphepete mwa Zambezi akuyang'ana magetsi a pa mlatho wa Samora Machel, mathiraki ali ndondondo. Disikoteka imadzadza cha m'ma 12 usiku ndipo imatha kukuwala. Tsopano taganizani anthu amene amakhala m'chipinda chimodzi chimenecho: Mnyungwe wa mu mzinda, Mchewa ndi Mngoni wa kumapiri, Msena wa ku Mutarara, dalaivala wa ku Zimbabwe akudikira kuwoloka mawa, wa ku Malawi wochokera pa Zobue, wa ku Zambia wotsika ndi msewu wa Cassacatiza, mwana wa ku Maputo wotumizidwa kudzagwira ntchito ku banki. Ndi mizinda ingati imene DJ angapeze makutu osiyanasiyana chonchi usiku umodzi? Ku Joni DJ amachita kulowa m'sitolo kukafufuza nyimbo za maiko anayi, kuno maiko anayiwo amabwera okha kudzakhala pa tebulo n'kuitanitsa mowa.

Ndipo kale ma DJ a ku Tete ankadziwa kusewera nazo zimenezi. Amayamba ndi kizomba ndi passada kuti anthu agwirane kaye, kenako pandza ya Ziqo ndi anzake, kenako kuduro ya ku Angola thukuta lichite kuyenderera, cha m'ma 3 koloko n'kuponya sungura madalaivala onse kudzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Chaka chatha ndinalowanso mu kalabu ina mu mzindamo, sinditchula, kuyambira polowa mpaka potuluka kugunda kumodzimodzi, liwiro limodzimodzi, ngati mtondo wa pachigayo, ndipo DJ maso ali pa foni akudzijambula. Anthu amavina inde, koma theka linali panja likucheza. Ndinapita kukamupempha marrabenta imodzi yokha anandiyang'ana ngati ndamupempha ngongole.

Mnzanga wina amene amaliza nyimbo m'maukwati ndi m'mafesta ku Moatize tinakangana nkhaniyi mpaka usiku, ndipo mfundo zake sizopusa. Akuti amwene inu mumalankhula chifukwa simudya za pa sipika, mwini bala amandipatsa ndalama yochepa, pena amangondipatsa mowa ndi ya transipoti, ndipo akaona kuti ana asukulu ndi anyamata a ku mgodi achoka chifukwa ndaika Matafale mawa aitana wina. Akuti amene amagula mabotolo ndi achinyamata, ndipo achinyamata akufuna zimene aona pa TikTok m'mawa womwewo. Akutinso nyimbo zathu zambiri zinajambulidwa mosalongosoka, ukaziika pambuyo pa amapiano zimamveka ngati wailesi ya mabatire ofooka, bezi palibe, anthu amaona ngati sipika yaphulika. Mfundo yomalizayi ndi yoona kwambiri ndipo ndinakhala chete kanthawi.

Koma yankho lake lili pomwepo. Ngati nyimbo ya Allan Namoko kapena ya Daniel Kachamba ilibe bezi, iwe uli ndi laputopu, uli ndi pulogalamu ya FL Studio yomweyo imene anyamata a ku Pretoria anapangira amapiano m'zipinda zogona, bwanji osaiika bezi? Si zimene anachita a ku Maputo? Pandza inabadwa pamene anyamata anatenga marrabenta ya makolo n'kuisakaniza ndi ragga ndi hip hop. DJ Tarico anatenga amapiano omwewo n'kuwaveka malaya a ku Mozambique, Yaba Buluku inafika mpaka kwa Burna Boy mu 2021 ndipo Africa yonse inavina, osati chifukwa anatsanzira bwino anthu a ku Joni koma chifukwa inamveka mosiyana nawo. Tsidya linalo ku Malawi, Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda, munthu wa zaka zoposa 90, n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale, Linny Hoo n'kuzungulira dziko lonse pa TikTok yomweyo imene mnzanga akuiopa. Ana omwe akuti safuna zakale ndi amene ankaivina. Nde vuto si makutu a ana, vuto ndi ulesi wa amene ali pa makina.

Ndipo chuma chili pano n'chochuluka. Kugunda kwa ng'oma za chintali ndi za ngoma ya Angoni, zitoliro za nyanga, valimba, kalimba, magitala a banjo aja anyamata amapanga ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki. Hugh Tracey anayenda madera ano kujambula nyimbo za makolo athu ndipo zinasungidwa ku International Library of African Music imene anaiyambitsa mu 1954, pano ili ku Rhodes University ku South Africa, kutanthauza kuti mawu a azigogo athu ali m'mashelefu a eni pamene zidzukulu zikutsitsa za eni. Apa ndichenjeze pang'ono, sindikunena kuti mutenge chilichonse. Za kudambwe ndi za kudambwe, Gule Wamkulu ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005 si wa mu disikoteka, ndipo amene angatenge nyimbo ya pa maliro a mfumu n'kuiika pansi pa mabotolo a timoto aja adzaona yekha zimene akuluakulu adzamuchite. DJ wodziwa kwawo amadziwanso malire amenewa, amene sadziwa kwawo ndi amene amalakwitsa mbali zonse ziwiri, kukana zoyenera n'kutola zoletsedwa.

Eni mabala ndi makalabu nawonso asathawe. Mumagula mafiriji, mumagula magetsi othwanima, jenereta yaikulu chifukwa magetsi amathima pamene kwakoma ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechino, koma munthu amene akugwira usiku wonse m'manja mwake mumamulipira ngati wotsuka matambula. Munthu wolipidwa mowa sangakhale ndi nthawi yofufuza nyimbo, angotsitsa mndandanda wa wina n'kudina. Ku Joni ndinaona makalabu ali ndi usiku wakewake, lero za kale zokhazokha, mawa jazi, Lamulungu amapiano, ndipo uliwonse uli ndi anthu ake okhulupirika amene amabwera sabata iliyonse. Kuno aliyense akulimbirana ana omwewo a Lachisanu, pamene aphunzitsi, manesi, madalaivala ndi azimayi a bizinesi, anthu amene ali ndi ndalama zenizeni m'thumba, akhala kunyumba chifukwa palibe malo amene angamve Lucius kapena Mtukudzi pa sipika yabwino atakhala pa mpando. Yesani Lachinayi limodzi lokha pa mwezi muone.

Mnyamata wa pa ukwati uja ndinakumana nayenso pa siteji ya mashapa, maminibasi aja, ku Ulongwe patapita milungu iwiri, ndipo anayamba yekha kuseka, akuti akulu tsiku lija munandichititsa manyazi ndi foni yamabatani. Ndinamuuza kuti si ine, ndi azakhali. Tinacheza, ndipo ndinapeza kuti mwanayo si wamwano, kungoti nyimbo zimenezi sakuzidziwa, anabadwa 2003, kaseti sanaigwirepo, Namoko amamva ngati dzina la mudzi. Palibe mdala wa magalasi amene anamuuzapo kuti taima kaye, tamvera iyi. Nde ndinamutenga kupita naye kwa amalume, amene pano maso anafooka koma makutu ali bwinobwino, n'kutulutsa katoni ya makaseti imene ili pansi pa bedi chichokereni ku Dedza. Makaseti 60 ndi kanthu, ena nkhungu ili mbuu, ena mphemvu zinaikiramo mazira, zolemba za bolopeni zinafufutika moti amalume amachita kuinunkhiza kaseti n'kuigwedeza kukhutu ngati angaizindikire choncho. Muli ina imene anajambula okha pa chinamwali cha ku Mtengo wa Mbalame chaka chimene anthu anabwerera, azimayi akuimba, mawu a malemu agogo anga ali momwemo.

Vuto tsopano ndi wailesi yolizira. Ya amalume lamba wake anadukadi kalekale, tayenda kwa okonza mawailesi atatu pa Ulongwe onse akuti zipangizo zake kulibe, wina watiuza kuti ku Dedza kuli mdala wina amene amasunga zoterezi, nde Loweruka likubwerali tikwera njinga yamoto mpaka pa Calomue, ine, mnyamatayo ndi katoni. Amalume alamula kuti makaseti awo asagone kunja, ndipo atiwerengera pamaso pathu kawiri.